Ndionetse Kope Lako: M'mene Ndimaphunzitsira Ana pa Intaneti

Mu 2020, matenda a COVID-19 atatseketsa masukulu, bungwe la UNESCO linanena kuti ophunzira oposa 1.5 biliyoni padziko lonse anali atakhala pakhomo. Mmodzi mwa iwo anali mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 12 amene masamu ankamuvuta kale sukulu zisanatsekedwe n'komwe. Mayi ake anandiimbira foni n'kunena kuti, "Achimwene, inu ndinu mphunzitsi, tamuthandizani mwanayu asabwerere m'mbuyo." Ndinavomera tsiku lomwelo. Timakhala motalikirana, choncho njira inali imodzi basi, ya pa foni.

Milungu itatu yoyambirira ndinkaphunzitsa ngati ndaima kutsogolo kwa kalasi. Ndinkalemba papepala, n'kulionetsa pa kamera, n'kufotokoza. Ndikafunsa kuti "wamva?", iye ankagwedeza mutu: "Eya amalume, ndamva." Tsiku lina netiweki itavuta, ndinamuuza kuti angojambula tsamba la kope lake anditumizire. Pa tsambalo panali 1/2 + 1/3 = 2/5, pansi pake 1/4 + 2/3 = 3/7, choncho mpaka kumapeto. Ankaphatikiza manambala a pamwamba paokha, a pansi paokha. Mtima unandipweteka, chifukwa mwanayu sankachita ulesi. Ankalimbikira tsiku ndi tsiku kuloweza njira yolakwika, ine ndili kalikiliki kuyang'ana nkhope yake.

M'kalasi mphunzitsi amayenda pakati pa madesiki, amasuzumira m'makope, amaona pomwe cholembera chaima. Pa intaneti zimenezi zimasowa, ndipo ambiri sitizindikira kuti zasowa chifukwa nkhope ya mwana tikuiona. Kuyambira tsiku limenelo lamulo langa ndi limodzi: ndione dzanja la mwana likulemba. Zonse zimene ndikufotokozereni pano zachokera pamenepo, kaya ndinu mphunzitsi, wophunzira wa ku yunivesite amene mukufuna kuthandiza ana aang'ono, kapena kholo limene likufunira mwana wothandiza.

Foni iyang'ane pansi

Simufunika kugula chilichonse chapadera. Mwana aunjike mabuku patebulo, mulu wake ufike masentimita 25 kapena 30. Agoneke foni pamwamba pa muluwo, mbali ya kamera itulukire kunja pang'ono, ndipo kumbuyo kwake atsindike ndi buku lolemera kuti isagwe. Kope likhale pansi pa kamera. Njira ina ndi kuunjika milu iwiri, kuyala marula awiri pakati ngati mlatho, foni n'kukhala pamarulapo. Gwiritsani ntchito kamera ya kumbuyo kwa foni, chifukwa ndi imene imaonetsa zilembo bwino kuposa ya kutsogolo.

Kuwala kuchokere kumbali. Ngati mwana amalembera dzanja lamanja, zenera kapena nyale ikhale kumanzere kwake, apo ayi mthunzi wa dzanja uphimba zomwe akulemba. Wamanzere atembenuze. Pensulo siioneka bwino pa kamera, choncho alembe ndi bolopeni yakuda, zilembo zikuluzikulu, samu imodzi pa theka la tsamba. Ana ena amachita mantha kusiya pensulo chifukwa anazolowera kufufuta. Ine ndimawauza kuti, "Ukalakwitsa ungodula mzere umodzi, usafufute. Cholakwikacho ndi chimene ndikufuna kuona."

Inunso chitani chimodzimodzi kumbali yanu. Ine ndimaonetsa nkhope mphindi ziwiri zoyambirira, kupatsana moni, kumva m'mene tsiku lamuyendera, kenako tonse timatembenuzira makamera pa pepala. Nkhope timaonanso potsanzikana. Foni ikhale pa chaja kapena batire ikhale yodzaza, chifukwa vidiyo imatha moto msanga, ndipo mauthenga olowa azimitsidwe kaye kuti asalire pakati pa phunziro. Ngati m'chipinda chimodzi muli zipangizo ziwiri zolumikizidwa, foni ndi kompyuta, zimitsani mayikolofoni ya chimodzi, mukapanda kutero mudzamva kulira kwa mluzu kosatha.

Anthu amandifunsa kawirikawiri kuti pulogalamu yabwino ndi iti. Yabwino ndi imene banja la mwanayo likuidziwa kale. WhatsApp imagwira ntchito, Google Meet ndi Zoom nazonso. Dziwani chabe malire ake: Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, Google Meet yaulere imadula pa mphindi 60 mukakhala anthu atatu kapena kuposerapo. Koma musamange ntchito yanu yonse pa pulogalamu imodzi. Aphunzitsi ambiri anasunga maphunziro awo pa Jamboard, bolodi ya pa intaneti ya Google, ndipo inatsekedwa kumapeto kwa 2024. Skype imene ena anaphunzitsirapo zaka zambiri inatsekedwa mu May 2025. Pepala ndi cholembera zikadalipo, ndipo n'zimene mwana adzakumane nazo m'chipinda cha mayeso.

Netiweki ikavuta

Idzavuta ndithu, ndiye gwirizanani zochita isanavute. Ndondomeko yathu ndi iyi: mawu akayamba kudukaduka, ine ndimazimitsa kamera yanga, ya mwana ikhalebe. Zikapitirira, tonse timazimitsa n'kutsala ndi mawu okha, ndipo mwana amajambula tsamba akamaliza samu iliyonse n'kutumiza. Intaneti ikatheratu, ndimamuimbira foni wamba. Kusiyana kwa vidiyo ndi mawu okha n'kwakukulu: Zoom imanena kuti vidiyo ya anthu awiri imafuna pafupifupi 600 kbps (kbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti), pamene mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps. Banja limene bandulo imawavuta likhoza kuphunzira ndi mawu ndi zithunzi zokha mlungu wonse, vidiyo n'kuisungira tsiku loyamba mutu watsopano.

Musaderere foni wamba. Mu 2020 ku Botswana, bungwe la Young 1ove ndi akatswiri ofufuza anayesa njira imeneyi pa mabanja pafupifupi 4,500 a ana a pulayimale. Mabanja ena ankalandira masamu ochepa pa SMS mlungu uliwonse, ena ankalandira SMS yomweyo komanso kuimbiridwa foni kwa mphindi 15 mpaka 20. Amene ankaimbiridwa foni anapita patsogolo pa masamu, koma SMS yokha siinasinthe kwenikweni. Ine sizinandidabwitse. Ntchito yongotumiza popanda munthu womvetsera m'mene mwana akuganizira imafanana ndi milungu yanga itatu ija.

Pophunzitsa ndi mawu okha, zolowereni kutchula chilichonse ndi dzina. "Apa" ndi "apo" alibe tanthauzo kwa munthu amene sakuona chala chanu. Uzani mwana alembe manambala kumayambiriro kwa mizere yake, kuti muzitha kunena kuti, "Pita pa mzere wachitatu, undiwerengere nambala yomwe ili pansi pa 7."

Musanayambe, lankhulani ndi makolo

Ndisanakumane ndi mwana ndimayamba ndacheza ndi mayi kapena bambo ake kwa mphindi 15. Ndimapempha zithunzi za mapepala a mayeso omaliza, masamba angapo a kope la kusukulu, dzina la buku lomwe akugwiritsa ntchito, ndi silabasi ngati ilipo. Izi n'zofunika chifukwa njira yochotsera kapena yogawira imene ine ndinaphunzira ikhoza kusiyana ndi ya aphunzitsi ake, ndipo mwana amene akuvutika kale mukamupatsa njira ziwiri amasokonezekeratu. Ndimatsata ya kusukulu, pokhapokha ngati yakanikiratu.

Ndimafunsanso funso limene ambiri amaiwala: foni ndi ya ndani, ndipo imakhala pakhomo nthawi yanji? Ngati ndi ya mayi amene amafika madzulo, phunziro la masana silingatheke ngakhale mutalilemba bwino chotani pa ndondomeko. Masiku, ola, chochita wina akalephera kubwera, ndi malipiro ngati alipo, zonsezi zilembedwe mu uthenga umodzi kuti aliyense azitha kubwererapo. Kukumana kawiri kapena katatu pa mlungu kwa mphindi 40 kumaposa kukumana kamodzi kwa maola awiri. Mwana wosakwana zaka 10 mphindi 25 zimamukwanira.

Phunziro loyamba ndi lofufuza

Tsiku loyamba sindiphunzitsa chilichonse. Ndimakonza mafunso 6 kapena 8, kuyambira osavuta kwambiri, a makalasi awiri m'mbuyo, n'kumakwera pang'onopang'ono. Mwana ndimamuuziratu kuti, "Awa si mayeso, palibe malikisi. Ndikufuna ndione m'mene umaganizira, ndiye uzilankhula ukamalemba." Kenako ndimatseka pakamwa n'kumayang'ana dzanja.

Cholakwa cha mwana kawirikawiri chimakhala ndi lamulo lake. Mnyamata wina wa zaka 10 ndinamupatsa 402 − 178, iye analemba 376. Munthu wongochonga akanangodula n'kupitirira. Koma nditaona dzanja lake ndinazindikira kuti mu mzere uliwonse ankachotsa nambala yaing'ono pa yaikulu, posayang'ana kuti ili pamwamba ndi iti: 8 kuchotsa 2, 7 kuchotsa 0, 4 kuchotsa 1. Ankadziwa kuchotsera bwinobwino, chimene sankadziwa ndi kubwereka. Mtsikana wina ankanena kuti 0.25 ndi yaikulu kuposa 0.3 chifukwa 25 imaposa 3. Mukapeza lamulo lobisikalo, mwapeza poyambira, ndipo nthawi zambiri poyambirapo pamakhala kumbuyo kwambiri kuposa pomwe makolo akuganiza. Auzeni mosabisa koma mwaulemu. Ena amakhumudwa kumva kuti mwana wa kalasi yachisanu ndi chiwiri abwerere ku za kalasi yachinayi. Ndimawaonetsa chithunzi cha kope n'kuwafotokozera kuti milungu itatu pamenepa ipulumutsa chaka chonse.

Mwana wa mchemwali wanga uja sindinamuuze kuti 2/5 ndi yolakwika. Ndinamufunsa kuti, "Uli ndi theka la chinthu, wina wakuwonjezera gawo lina. Zomwe uli nazo tsopano zingachepere theka?" Anati ayi. Ndinamuuza ajambule mzere, augawe zigawo zisanu, adetse ziwiri. Anaona yekha kuti sizinafike pakati. Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye kuti yankho langa silingakhale limeneli." Tinang'amba timapepala titatu totalika mofanana pansi pa kamera, kamodzi anakapinda pawiri, kena patatu, kachitatu pasanu ndi kamodzi. Atayala pamodzi anaona kuti theka ndi 3/6, gawo limodzi mwa atatu ndi 2/6, zonse pamodzi 5/6. Zinatenga mphindi 30 pa samu imodzi, ndipo cholakwa chimenecho sichinabwererenso.

Mphindi 40 zimayenda chonchi

Mphindi zisanu zoyambirira ndi zokumbukira. Kope lotseka, ndimafunsa mafunso atatu: limodzi la phunziro lapitali, limodzi la mlungu watha, limodzi la mwezi watha. Kale mu 1885 Hermann Ebbinghaus, katswiri wofufuza za kukumbukira, anaonetsa kuti zinthu zatsopano timaziiwala mofulumira kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kuzibwereza patapita nthawi kumachedwetsa kuiwalako. Kuwerenganso notsi kumamupatsa mwana chithunzi chakuti akudziwa, koma kutulutsa yankho m'mutu osaonera ndi kumene kumalimbitsa. Mafunso atatuwa ndimawalemba m'kabuku kanga, tsamba limodzi la mwana aliyense, momwe ndimasungamo zomwe analakwitsa ndi tsiku lake.

Kenako chinthu chatsopano, chimodzi chokha. Ndimachita chitsanzo chimodzi pa pepala langa, ndikulankhula zomwe ndikuganiza, osapitirira mphindi zisanu. Chachiwiri timachitira limodzi, koma wolemba ndi iye, ine ndimangofunsa kuti "tsopano titani?" Zotsalazo amachita yekha ine ndikuyang'ana. Mukapeza kuti mwalankhula kuposa theka la nthawi, ndiye kuti mwana wakhala akuonera wina akugwira masamu. Pakati pa phunziro timapuma mphindi imodzi, aimirire, ayang'ane patali kudzera pa zenera, maso apume.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kukhala chete. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe, katswiri wofufuza za maphunziro, anajambula mawu m'makalasi ambiri n'kupeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanayankhe okha kapena kuloza mwana wina. Amene anaphunzira kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo ankalandira mayankho ataliatali, ndipo ana amene sankalankhula anayamba kulankhula. Pa intaneti vutoli limakula, chifukwa mawu amachedwa kufika ndipo bata limamveka ngati foni yaduka. Mumayamba kunena "halo, ukundimva?" pamene mwana anali pakati poganiza. Ine ndimawerenga mpaka 10 ndi zala pansi pa tebulo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi ndaona kuti n'zoona ndithu. Ubwino wa kamera yoyang'ana pa kope ndi wakuti mumaona ngati cholembera chikuyenda. Chikamayenda, musamusokoneze. Chikaima nthawi yaitali, funsani kuti, "Waima pati? Undiwerengere mzere womaliza."

Funso lakuti "wamva?" ndinalisiya. Mwana waulemu amayankha kuti eya chifukwa safuna kukuvutitsani, wamanyazi amayankha kuti eya kuti zithe. M'malo mwake ndimati, "Undifotokozere ngati ukufotokozera mng'ono wako," kapena, "Ndisinthe 3 uyu akhale 5, chisinthe n'chiyani?" Nthawi zina ndimalemba samu yolakwika dala n'kunena kuti, "Pali cholakwika penapake, chipeze." Ana amalikonda kwambiri limeneli. Poyamikira tchulani chimene wachita: "Waona wekha kuti yankho lachepa n'kubwerera, zimenezo ndiye zofunika." Mawu akuti "ndiwe wanzeru" samuuza choti adzachitenso mawa.

Mphindi zitatu zomaliza ndi funso limodzi lochita yekha popanda thandizo. Limenelo ndi limene limandiuza poyambira ulendo wotsatira.

Maphunziro ena njira ndi yomweyi. Pa kuwerenga, buku likhale pansi pa kamera, chala cha mwana chiziyenda pansi pa mawu akamawerenga mokweza, ndipo muona pomwe chikudumpha kapena kubwerera. Pa chimangirizo, alembe ndime imodzi mukuona, osati nkhani yonse kumbali. Pa sayansi, ajambule chithunzi cha mtima kapena cha njira imene magetsi amayendamo kuchokera m'mutu n'kulemba mayina a zigawo.

Pakati pa maphunziro

Ntchito ya kunyumba ndimapereka yochepa, masamu atatu kapena anayi, koma ndimafuna ibwere pa nthawi yake, tsiku limodzi tisanakumane. Kujambula tsamba nako kumafuna kuphunzitsa: kope ligone patebulo, foni ikhale pamwamba molunjika, tsamba lonse lioneke, pamalo powala. Chithunzi chikafika, ndimagwiritsa ntchito kapensulo ka mu WhatsApp kuzunguliza mzere womwe wayambira kulakwika, osalemba yankho, n'kubweza ndi uthenga wa mawu wosapitirira mphindi imodzi. Uthenga wa mphindi zisanu mwana samvetsera mpaka kumapeto. Kamodzi pa mlungu ndimapempha kuti iyenso anditumizire uthenga wa mawu wofotokoza samu imodzi. M'mawu akewo ndimamva zambiri kuposa pa tsamba lochongedwa.

Zothandizira zaulere zilipo zambiri. Khan Academy, imene Salman Khan anaikhazikitsa mu 2008, inayamba momwemu: mu 2004 ankathandiza msuweni wake masamu ali kutali, pa foni ndi kabolodi ka pa intaneti. PhET ya ku University of Colorado Boulder ili ndi zoyeserera za sayansi ndi masamu zomwe mwana amasintha yekha n'kuona zotsatira. GeoGebra imathandiza pa magirafu ndi ma angle. Koma musanene kuti "ukaonere mavidiyo a ma fraction." Mwana adzasochera, ndipo pa YouTube vidiyo ina idzamukokera kwina. Tumizani linki imodzi, nenani kuti aonere kuyambira mphindi yachiwiri mpaka yachisanu ndi chimodzi, mumupatse funso limodzi loti adzayankhe. Muionere kaye inuyo, kuti mutsimikize kuti njira yake ikugwirizana ndi ya kusukulu.

Chiyambireni kutuluka kwa ChatGPT, pulogalamu yoyankha mafunso amene waifunsa, mu November 2022, komanso ndi mapulogalamu ngati Photomath amene amayankha samu ukangoijambula, ntchito ya kunyumba yokhoza zonse siikutanthauzanso kuti mwana wamvetsa. Ndinali ndi mnyamata wa zaka 15 amene ankatumiza ntchito yoyera bwino, mizere yonse yolondola, koma pansi pa kamera cholembera sichinkayenda. Sindinamunene kuti wabera. Ndinatenga samu yake yomweyo, n'kusintha nambala imodzi, n'kunena kuti, "Tachita iyi ndikuona." Atakanika anaulula yekha, ndipo chifukwa chake chinali mantha: ankaopa kuti bambo ake aona zolakwa mu gulu lathu la mauthenga. Tinagwirizana atatu, iye, bambo ake ndi ine, kuti tsamba lokhala ndi zodula ndi limene likufunika. Pulogalamuyo sindinamuletse. Ndinamuuza kuti ayambe wayesa yekha, ajambule zoyesazo, kenako afananize, ndipo adziwe kuti makinawa nthawi zina amapereka yankho lolakwika molimba mtima.

Chitetezo cha mwana

Apa sindinyengerera, ndipo kholo lililonse lisanyengerere. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mauthenga onse amadutsa mu gulu la anthu atatu: ine, mwana ndi kholo. Sindilembera mwana payekha, ndipo akandilembera kumbali ndimayankhira mu gulu. Kwa ana osakwana zaka 13 timagwiritsa ntchito akaunti ya WhatsApp ya kholo. Phunziro lichitikire pamalo poonekera, osati kuchipinda chogona, chitseko chotsekula, munthu wamkulu ali pafupi moti akumva. Sindijambula phunziro popanda chilolezo cha makolo, ndipo chithunzi cha mwana kapena dzina lake sindiika pa Facebook pofuna kudzitsatsa. Pa Zoom kapena Google Meet, linki isaikidwe poyera, ikani pasiwedi ndipo muzilola nokha munthu aliyense wolowa. Mu 2020 makalasi ambiri analoweredwa ndi anthu achilendo oonetsa zonyansa chifukwa cha malinki ongomwazidwa.

Inu makolo, funsani mphunzitsi za maphunziro ake ndi mabanja ena amene anawathandizapo, ndipo khalani nawo pa phunziro loyamba. Mphunzitsi wokana zimenezi, kapena wofuna kumacheza ndi mwana usiku payekha, musiyeni. Koma mukakhala pafupi musamayankhire mwana, ngakhale monong'ona. Ine ndimamva kunong'onako, ndipo kumandibisira chimene ndikufuna kuona. Kwa aphunzitsi anzanga: mwana akakuuzani chinthu chosonyeza kuti akuzunzidwa, musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Mumvetsereni modekha, lembani mawu ake monga wanenera, ndipo kadziwitseni oyang'anira chitetezo cha ana.

Ana angapo nthawi imodzi

Zimatheka, koma ine sindipitirira anayi, ndipo akhale oti akuvutika pa chinthu chofanana, ngakhale atasiyana makalasi. Funso loponyedwa kwa onse limayankhidwa ndi mwana mmodzi yemweyo tsiku lililonse. Funsani kaye, dikirani, kenako tchulani dzina. Njira ina ndi yakuti aliyense alembe yankho ndi zilembo zazikulu, mukawerenga mpaka 3 onse aonetse nthawi imodzi.

Kuuza makolo, ndi kudziwa nthawi yosiya

Lachisanu lililonse ndimatumiza uthenga waufupi. Mawu akuti "akuchita bwino" sathandiza aliyense, choncho ndimalemba ngati chonchi: "Mayi, mlungu uno mwana wathu wakwanitsa kuchotsera kobwereka, wakhoza 8 mwa 10 payekha. Pakakhala ziro pakati akusokonezekabe. Mukapeza mpata mumufunse 503 − 267, mumusiye achite yekha, munditumizire chithunzi." Kholo limene silinapite patali ndi sukulu likhoza kuchita zimenezi, ndipo mwana amaona kuti kunyumba akutsatira. Ngati n'kotheka, kholo lidziwitsenso aphunzitsi a kusukulu kuti mwana akulandira thandizo pa mutu wakuti. Pakatha milungu 6 ndimabwereza mafunso a tsiku loyamba aja, manambala okha n'kusintha, n'kuika zithunzi ziwirizo pamodzi kuti mwana ndi makolo aone okha. Ngati palibe kusintha, ndimanena mosabisa, ndipo timafufuza chifukwa: mwina maso kapena makutu akufunika kupimidwa, mwina ola lake ndi loti mwana amakhala atatopa, mwina njira yanga siikumuyenera ndipo akufunika munthu wina.

Chizindikiro chimene ndimadikira ndi chakuti mwana ayambe kupeza yekha zolakwa zake. Mwana wa mchemwali wanga, patatha miyezi inayi, anatumiza chithunzi mu gulu chili ndi mzere wozunguliridwa kale ndi bolopeni yake, n'kulemba kuti, "Amalume, ndalakwitsa pa mzere wachitatu, ndakonza pansipa." Mlungu wotsatira tinachepetsa maphunziro kuchoka pa atatu kufika pa awiri, mwezi wotsatira limodzi, kenako kamodzi pa milungu iwiri. Pa phunziro lomaliza anatsegula tsamba loyamba la kope latsopano n'kulemba, ine ndikuona, zinthu zitatu zimene amakonda kulakwitsa ndi funso loti azidzifunsa pa chilichonse. Gulu la mauthenga tinalisiya lotsegula mpaka atalemba mayeso, ndipo anatumizamo mafunso kawiri.